Kumene njinga ya aZimba inkafika

Chaka chakwana chimwalirireni aZimba, ndipo m'banja mwathu sitinagwirizanebe ngati tinawaika m'manda momvera mawu awo kapena mowanyoza. Sabata yatha tinakumana kumudzi ku Magodi kukalambula pamanda, nkhani ija inabukanso makasu ali m'manja. Ine ndinangoweramira pansi n'kumazula udzu. Aliyense akamalankhula ndimaona ngati akunena zoona, wina akayankha ndimaonanso chimodzimodzi, mpaka mutu umandizungulira.

AZimba anali mkulu wawo wa bambo anga. Kwathu munthu wotere timangoti adada, ndipo ndi mmene ndinkawaitanira. Dzina lawo linali Yotamu, koma sindinamvepo munthu akulitchula kupatula abusa pa tsiku la maliro. Anali munthu wamtali, wa miyendo yowonda, woweta ng'ombe ndi kulima mtedza. Kuzizira ankadana nako koopsa, moti jekete sankalivula ngakhale mu Okutobala, anzawo akuthawira pamthunzi. Mwendo wakumanja wa buluku ankaumanga ndi kamphira kuti tcheni cha njinga chisaudye, ndipo kumasula ankaiwala. Ankalowa nako m'tchalitchi, kupita nako kutsogolo kukalandira mgonero, ife ana tikutsinana kumbuyo.

Ntchito imene anadziwika nayo sanapatsidwe ndi munthu. Kukagwa maliro m'mudzi mwathu kapena midzi yoyandikana nayo, aZimba ndiwo ankapita kukauza abale akutali. Ankapalasa njinga yawo yakuda, ya chishalo chong'ambika chosokedwa ndi waya. Panjingapo panali belu, ndipo dera lonse linkadziwa tanthauzo lake. Akamabwera kudzangocheza, ankayamba kuliza belu akadali kumsewu mpaka agalu kutopa ndi kuuwa. Akabwera ndi uthenga wa imfa, belu silinkalira. Tsiku lina mayi wa kutsidya kwa dambo anadzigwetsa pansi n'kuyamba kubuma atawaona akulowa pabwalo mwakachetechete, pomwe belu linali litangothyoka kasipuling'i ndipo iwo ankafuna kubwereka nkhwangwa. Kuyambira pamenepo ankayenda ndi belu lachiwiri m'thumba la jekete.

Uthenga anali ndi kanenedwe kake. Ankatsamiritsa njinga, n'kukana mpando, n'kukhala pansi penipeni padothi. Ankapempha madzi akumwa, n'kufunsa za mvula ndi za ana, ndipo mwini nyumba akakhazikika m'pamene ankanena chimene abwerera. Mafoni atafika, achinyamata anayamba kukwera pachulu cha kuseri kwa khola, pamene netiweki inkapezeka, n'kumakuwa mayina a omwalira. AZimba zinkawanyansa zimenezo. Ankati imfa ya munthu si mtengo wa feteleza woti uziulengeza uli chilili pachulu, ndipo womva ayenera kukhala ndi wina pafupi woti amugwire akamagwa.

Lamulo lawo la sukulu linachokera pamenepo. Maphunziro sankadana nawo ayi. Ana awo atatu, Tiyezge, Mapopa ndi Wezi, palibe amene anajombapo kusukulu chifukwa cha kubusa kapena kukumba mtedza. Koma ankati mwana wawo akaphunzire kumene njinga yawo ingafike, kuti kunyumba kukagwa zovuta iwo akamuuze pakamwa, mwanayo abwere adzaponye dothi manda asanakwiriridwe. Kumudzi mtembo sitiusunga nthawi yaitali, makamaka kukatentha. Choncho kwa aZimba dziko lonse la Zambia linali ndi zigawo ziwiri basi: kumene njinga imafika, ndi kumene ana a anthu amatayikira.

Woyamba kuliyesa lamulolo anali Tiyezge, mwana wawo wamkulu, atapeza malo pa koleji ya uphunzitsi ku Chipata. AZimba sanati inde, sanati ayi. M'mawa mwake anthu anangoona akumangirira pampu, mbatata zophika ndi chigubu cha madzi pakaliyala. Akazi awo, aNyaMtonga, anatuluka m'khitchini mtima uli m'mwamba.

"Manje mupita kuti, aZimba? Wafa ndani?"

"Kulibe wafa. Nipita kukapima."

"Kupima chani?"

"Chipata."

Bambo anga anathamanga kudzawauza kuti minibasi zimachoka paboma tsiku lililonse, palibe chifukwa chodzipha. Iwo anayankha kuti minibasi ndi ya munthu wina, tsiku la maliro ikhoza kukhala yafa kapena dalaivala waledzera, koma miyendo ndi yawo. Anapalasa kudutsa paboma, kugona kwa abale cha ku Lumezi, n'kupitiriza. Nkhani imeneyi ankakonda kuikamba okha, ndipo chaka ndi chaka zitunda za m'njira zinkakulirakulira. Atafika pageti la koleji anayamba kaye aliza belu mwamphamvu, kuti aliyense adziwe kuti sanabwere ndi zoipa. Mlonda anatuluka.

"Mufuna ndani, mdala?"

"Kulibe. Mwana wanga akalibe kubwela."

"Manje mwabwelela chani?"

"Kuona ngati munthu afika."

Kenako anamufunsa mlondayo kuti munthu wobwera ndi uthenga amakhala pati. Mlonda anawalozera benchi. Iwo anakana, n'kuyendayenda mpaka anapeza mtengo wa mthunzi wabwino pafupi ndi geti, anakhala pansi pake pang'ono kuyesa dothi, n'kudzuka kuyamba ulendo wobwerera. Sanafunse za aphunzitsi, za chakudya, kapena kumene atsikana amagona. Anafika kumudzi miyendo itatupa, ndipo Lamulungu lotsatira anapemphera ataimirira chifukwa kukhala kunkavuta. Kwa Tiyezge anangonena kuti munthu amafika, apite. Tonse tinaseka mpaka misozi, ndipo tinkaona ngati lamuloli ndi nthabwala chabe ya munthu wokonda njinga yake.

Tinasiya kuseka itafika nthawi ya Mapopa. Ameneyu ndi mnzanga wa msinkhu umodzi, ndipo mutu wake unali wa mawaya kuyambira ali wamng'ono. Wailesi ya bambo ake anaiphwasulapo ali ku pulayimale, n'kuibwezera ikulira bwino kuposa kale, koma chikwapu anachilandirabe. Atamaliza sekondale anapeza malo ophunzira zamagetsi ku Kitwe, kumigodi. Ine ndinalipo tsiku limene ananena, ndinali nditabweretsa madzi osamba m'manja pamphala, pamene amuna a kwathu amadyera. AZimba anali akumata chubu.

"Adada, malo anipatsa. Ku Kitwe."

"Ku Kitwe njinga siifika," anatero osadzutsa mutu.

"Kuli mabasi, adada. Kuli mafoni."

"Foni siikhala pansi."

Mapopa anasendera pafupi.

"Ndiye ine nizafela pano chifukwa cha njinga?"

"Ukafela pano nizakuika nekha. Ukafela uko nizamvela kwa munthu wa pamseu. Pita ku Chipata monga mlongosi wako."

"Sinifuna kuphunzitsa ana, adada. Nifuna magetsi."

"Yayi."

Anabwera abusa, anabwera ahedi a kusekondale, bambo anga analankhula mpaka mawu kusasa. AZimba ankawalandira onse mwaulemu, kuwaphera nkhuku, kuwaperekeza mpaka kumsewu, yankho lili lomwelo. Mapopa akanatha kuthawa, ena amathawa. Koma ng'ombe zolipirira sukulu zinali za bambo ake, ndipo iye ndiye anali mwana wamwamuna yekha pakhomopo. Anakhala. Ku Chipata anakana kupita, anayamba kulima fodya, kenako kukonza mafoni ndi kumanga sola pamadenga a anthu. Anakwatira, n'kumanga nyumba moyang'anana ndi ya bambo ake. Koma pamphala sanadyerenso. M'mawa ankagwada bwinobwino n'kuti, "Monile, adada," iwo n'kuti, "Yewo," tsiku latha. Zina zonse zinkadutsa mwa aNyaMtonga, moti munthu wodziwa kufikitsa uthenga kutali uja ankalephera kuufikitsa kutsidya kwa bwalo lake lomwe.

Ndinene zoona, nthawi imeneyo ndinawada. Ndinkamva belu lawo likulira kumsewu n'kulowa m'nyumba dala. Ndinkaona Mapopa ali padenga la munthu ndi sikuludiraiva kukamwa, mtima n'kumandiwawa ngati wokanizidwayo ndinali ine.

Chidani changa chinaphwa tsiku lina tikusenda mtedza ndi aNyaMtonga. Anandiuza zimene amuna awo sankakamba. Ali mnyamata, asanakwatire, aZimba anagwirako ntchito kumigodi ku Luanshya. Tsiku lina ali pamsika anakumana ndi munthu wa kwathu, amene anavula chipewa n'kuyamba kuwapepesa za imfa ya mayi awo, poganiza kuti akudziwa kale. Iwo anali asanamve kalikonse. Anamva ataimirira, m'manja muli tomato, anthu akuwagunda mapewa podutsa. Atafika kumudzi anapeza pamanda pamera udzu wofika m'mawondo. Kumigodi sanabwererenso, ngakhale kukatenga bulangeti ndi mapoto awo. ANyaMtonga anati Kitwe ndi Luanshya n'zoyandikana, ndipo m'mutu mwa amuna awo ndi malo amodzi. Tsiku limenelo ndinapita kwathu ndikudziuza kuti tsopano ndawamvetsa adada. Ndinkalakwa, koma zinanditengera zaka kuti ndidziwe.

Wezi, chitsirizira, anabadwa mochedwa, azikulu ake ali kale kusekondale. Nthawi yake itakwana anapeza malo ophunzira unamwino ku Livingstone. Amene sadziwa, kumeneko umachoka ku Lundazi, kudutsa Chipata, kufika ku Lusaka, n'kuyambanso ulendo wina mpaka dziko kuthera. ANyaMtonga analiriratu mwana asanapite n'komwe kwa bambo ake. Tiyezge anabwera kuchokera kusukulu imene ankaphunzitsa, atakonzekera nkhondo. Wezi anagwada pansi pa mtengo wa mango pamene aZimba ankakonzera njinga, n'kuwauza za Livingstone.

"Kuli chalichi kwamene uko?" anafunsa aZimba.

"Enya, adada, chiliko."

"Upite."

Basi. Tiyezge anatsala kukamwa kuli yasa, nkhondo yake yopanda womenyana naye. Mapopa anali pakhonde pake akukonza foni ya munthu, ndipo anamva zonse chifukwa bwalo lake ndi laling'ono. Sanadzuke. Madzulo ake ndikudutsa anandiitana ndi mawu apansi.

"Tamala, niuzeko. Livingstone yasendela liti?"

Aliyense m'banjamo anali ndi tanthauzo lake. Tiyezge ankati bambo ake aona kuti mwana wamkazi adzachokabe pokwatiwa, koma nanga iye si mkazi, bwanji anamupimira njira ndi njinga? ANyaMtonga ankati amuna awo atopa ndi kuona msana wa Mapopa, sakufuna msana wachiwiri. Bambo anga ankati nkhani ndi miyendo: akulu awo anali atakalamba, njinga sinkafikanso ngakhale paboma, ndiye potsata lamulolo ngakhale Chipata inali itasanduka kutali, lamulo linangofa lokha. Zonsezi zimamveka. Koma ngati linafa, bwanji sanawoloke bwalo kukamuuza Mapopa?

Ndinalimba mtima tsiku lina n'kuwafunsa ndekha. Ndinawapeza pansi pa mango paja, njinga ataitembenuza miyendo m'mwamba, akuzungulitsa gudumu n'kumayang'ana ngati lapindika. Anandisiya ndilankhule mpaka kumaliza. Gudumu linazungulira mpaka kuima lokha.

"Ninapima molakwa," anatero.

"Liti, adada? Pa Mapopa kapena pa Wezi?"

"Nipatseko sipanala iyo."

Ndinawapatsa. Anayamba kundifunsa za mtengo wa mtedza paboma, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Anadwala chaka chomaliza cha Wezi, nyengo yotentha, mvula ikuyandikira. Matenda ake sanatenge nthawi. Kuchipatala anakana kugonekedwa, anati akafere pamphasa pawo. Masana ena anaitanitsa akazi awo, bambo anga, Tiyezge ndi Mapopa. Ine ndinali ndabwera kuchokera paboma kudzawaona, ndinakhala pakona. Mapopa sanalowe, anaima pakhomo. Mawu a aZimba anali atachepa koma ankamveka bwino.

"Wezi alemba mayeso. Musamuuze. Nikapita muniike mwamsanga, musayembekeze munthu. Azamva akasiliza."

Tinayang'anana. Munthu amene anatha moyo wake wonse akuonetsetsa kuti mwana aliyense waponya dothi pamanda a kholo lake, tsopano ankati wake yemwe asaponye. Bambo anga anavomera ndi mutu, chifukwa mawu a munthu wodwala chonchi sitikangana nawo. Nditayang'ana pakhomo, Mapopa anali atachokapo. AZimba anamwalira m'mawa mwake, dzuwa litangokwera.

Adzukulu anali atanyamula kale makasu kupita kukakumba manda pamene Mapopa anawaimitsa panjira. Anali atapangana ndi mwini galimoto ina yonyamula fodya kuti itenge mtembo kupita nawo ku mochale, kosungira mitembo kuchipatala cha paboma. Bambo anga anamutsatira mwaukali.

"Iwe, sunamve mau ya awiso?"

"Ninamva, adada. Ninamvanso yakale."

"Yakale yanasila. Munthu akamba vomaliza, ndiye vamene tikonka."

Mapopa anatembenuka. Zaka zonsezo ndinali ndisanamuonepo akulira, ndipo ngakhale apa misozi sinatuluke.

"Ngati Wezi saponya dothi, ndiye ine ninakhalila chani pano?"

Bambo anga anayang'ana pansi. Kenako Mapopa anazungulira achinyamata onse a pamaliropo, mmodzimmodzi, kuwauza kuti amene aimbire Wezi kapena kulemba za imfayi pafoni asadzabweretsenso foni yake kwa iye ikadzafa. M'dera lonselo wokonza mafoni ndi iye yekha, ndiye chiopsezo chimenecho chinagwira kuposa mawu a abusa. Pachulu paja panakhala pululu. M'mamawa mwake Mapopa anakwera basi ya ku Lusaka, munthu amene anali asanapitirirepo Chipata.

Masiku otsatira ndi amene sindidziwa kuwafotokoza bwino. Maliro analipo koma mtembo panalibe, mwini maliro panalibe, ndipo tsiku loika palibe ankalidziwa. Foni ya Mapopa inali yozimitsa. Tinawerengera kuti wafika, tinawerengera kuti ayenera kukhala ali m'njira yobwerera, koma kumsewu kunali zii. Akwaya anaimba nyimbo zonse zimene amadziwa n'kuyambiranso poyamba. Nkhokwe inkatsika tikuona. Mvula yoyamba inagwa, ndipo anthu ochokera kutali anayamba kung'ung'udza kuti anzawo akubzala iwo ali pamaliro osatha. Azimayi ankalira m'mawa, masana n'kumafunsana chapansipansi ngati mnyamatayo sanangothawa, poti mwina wapeza mpata umene ankaufuna kalekale. Ineyo ndinaganizapo zimenezo, ndipo ndinachita mantha. ANyaMtonga anangokhala m'nyumba atatsamira khoma, akubwereza chinthu chimodzi, kuti amuna awo amadana ndi kuzizira ndipo awagoneka mufiriji opanda jekete.

Anatulukira sabata itatsala pang'ono kukwana, awiri, akuyenda wapansi kuchokera kumsewu, Mapopa atasenza chikwama cha mlongo wake. Zimene zinachitika kumeneko tinamva kwa Wezi, maliro atatha. Mapopa atafika pakolejipo anafunsa mlonda, n'kumva kuti mayeso sanathe. Sanalowe. Ankagona kusiteshoni ya mabasi, masana n'kumakhala kutsidya kwa msewu pamene mlongo wake sakanamuona. Wezi anati ankadabwa kuti bwanji kumudzi aliyense wangoti zii, koma anaganiza kuti ndi netiweki. Tsiku la pepala lomaliza anatuluka pageti akuseka ndi anzake, n'kuona Mapopa atakhala pansi padothi, benchi ili pambali pawo yopanda munthu.

"Pamene ninaona chabe, ninaziba," anatero Wezi. "Koma ananipempha madzi. Ninapita kukatenga. Ananifunsa ngati mvula yayamba ku Livingstone. Ninayankha. Ninawaleka asilize vonse, monga mwamene adada anali kucitila."

Mapopa ananena chimene anabwerera, ndipo Wezi akugwa anamugwira.

Tinawaika tsiku lotsatira. ANyaMtonga anaumirira kuti awaveke jekete lija, belu lachiwiri lili m'thumba momwemo. Tiyezge anaponya dothi, Mapopa anaponya, Wezi anaponya. Za ulendo wake Mapopa sanakambe ndi munthu, kupatula chinthu chimodzi chimene anandiuza tikubweza mabenchi kutchalitchi. Anati pasiteshoni ku Lusaka anaona mabasi olembedwa Kitwe, atandandalika, akuitanira anthu. Anafunsa kondakitala wina kuti kutali n'kuti, Kitwe kapena Livingstone. Anamuuza kuti Kitwe ndi pafupi.

"Ninaimilila pamenepo, Tamala, mpaka ananikalipila kuti natseka njila."

Ndiye sabata yatha pamanda, bambo anga anati Mapopa ananyoza mawu omaliza a kholo lake ndipo zimenezo sizichitika. Tiyezge anati ayi, anamvera mawu onse awiri, chifukwa mayeso sanasokonezeke ndipo dothi linaponyedwa. ANyaMtonga anati mwana wawo anawalanga bambo ake, anawadikiritsa m'chisanu monga iwo anamudikiritsira moyo wake wonse, ndipo ponena zimenezi sankaoneka okwiya. Wezi, amene tsopano ndi namwino, ankangolambula. Mwini nkhani anali kumapeto kwa manda akudula nthambi, ngati akukamba za munthu wina.

Ine sindidziwa. Nthawi zina ndimaganiza kuti aZimba anazindikira kulakwa kwawo, ndipo kulola Wezi kunali kupepesa kwa munthu wosadziwa kupepesa. Nthawi zina ndimaganiza kuti sanasinthe maganizo ngakhale pang'ono, anangodziwa kuti pakhomo pali mwana amene adzapita kumene njinga sifika, ndipo ponena kuti Wezi asauzidwe ankadziwa bwino amene waima pakhomo akumva. Ganizo lachiwirili limandiopsa, chifukwa likutanthauza kuti anamusunga Mapopa ngati mmene ankasungira belu lija m'thumba. Ndinkawakonda adada, ndipo sindifuna kuti likhale loona. Mwana wamkazi wa Mapopa ali kusekondale paboma, amakhoza masamu, ndipo akuti akufuna kudzaphunzira zomanga milatho kulikonse kumene amaphunzitsa zimenezo. Ndinamufunsa bambo wake kuti nthawiyo ikadzafika adzati chiyani. Anandiyankha kuti mwanayo akadali wamng'ono.

Pobwera kumanda ndinadzera pansi pa mango paja. Chipika chimene ankakhalapo chilipobe, chosalala pakati pamene buluku linkakhuza. Pansi pali bwalo lakuda la mafuta a zaka zambiri, udzu sumerapo, ndipo nkhuku zakumba timaenje tosambiramo fumbi m'mbali mwake. Chitini cha manati ndi timphira chili pamphanda ya mtengo, chadzaza madzi a mvula. Njinga anaipachika panthambi ndi chingwe cha ng'ombe kuti chiswe ndi ana asaifikire. Matayala aphwa, chishalo chayamba kuchita nkhungu. Ndinagwira tcheni, zala zanga zinada ndi mafuta atsopano. Ndinafunsa aNyaMtonga kuti amathira ndani, anati iwo maso anafooka, saona za pabwalo. Nyumba ya Mapopa ili pomwepo, chitseko chake chimayang'ana kumtengoko.

Belu likadali pahandulo, lachita dzimbiri pang'ono. Ndinaika chala kuti ndilize, kuti pabwalopo pamveke ngati munthu wangobwera kudzacheza, koma ndinachichotsa. Chichokereni eni ake palibe amene waliliza, ndipo njingayo ili pakhomo chete.